Makoswe a ku Edinburgh, shuga wa ku Chilumba: momwe ntchito ya katswiri wa sayansi imayezedwera

Mchaka cha 1998, magazini ya akatswiri a zachipatala ya ku America yotchedwa Journal of Clinical Investigation idasindikiza zotsatira za kafukufuku yemwe adachitika pa makoswe mumzinda wa Edinburgh ku Scotland. Pamndandanda wa olemba asanu, dzina loyamba lidali la Mmalawi, Moffat Nyirenda. Patatha zaka 20, mu 2018, dzina lomwelo lidaonekanso m'magazini ina yotchuka, The Lancet Diabetes & Endocrinology, koma ulendo uno lili kumapeto kwenikweni kwa mndandanda, pansi pa kafukufuku wokhudza anthu a ku Chilumba m'boma la Karonga ndi a ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe.

Kwa munthu wamba, kuchoka patsogolo n'kukapezeka kumapeto kumaoneka ngati kutsika. Kwa anthu a sayansi ya zaumoyo ndi kukwera. Mwambo wawo ndi wakuti dzina loyamba limakhala la yemwe adagwira gawo lalikulu la ntchitoyo ndi manja ake, kawirikawiri wachinyamata amene akusulidwa kumene, pomwe lomaliza limakhala la mkulu woyang'anira kafukufuku yense. Amene ali pakati ndi othandiza. Malo amenewa sangokhala aulemu chabe ayi. Ndiwo amayang'anidwa pokweza munthu kuti akhale pulofesa, ndipo ndiwo amayang'anidwa ndi mabungwe omwe amapereka ndalama zochitira kafukufuku. Choncho m'dziko longa Malawi, momwe ndalama zambiri za kafukufuku wa zaumoyo zimachokera kunja, funso loti ntchito ya katswiri imayezedwa bwanji limakhudza ngakhale mayi wa ku Uliwa amene sadamvepo za magazini amenewa.

Zimene makoswe adaonetsa

Kafukufuku wa mu 1998 uja adali wa sayansi younika momwe michere ya m'thupi imagwirira ntchito, yomwe pa Chingerezi amati biochemistry. Chiyambi chake chidali mfundo ya dokotala wa ku England, David Barker, yemwe m'zaka za m'ma 1980 adaona kuti anthu obadwa ndi sikelo yotsika amakhala pachiopsezo chachikulu chodwala mtima, kuthamanga kwa magazi ndi shuga akakula. Barker adaona izi powerengetsera m'makaundula akale a ana obadwa. Chomwe chidatsala n'kufotokoza kuti m'thupi mumachitika chiyani kwenikweni kuti zimene mwana adakumana nazo ali m'mimba zidzamutsate patapita zaka 50.

Gulu la ku Edinburgh, lotsogozedwa ndi Jonathan Seckl, linkaganizira mahomoni otchedwa glucocorticoid, omwe thupi limatulutsa ochuluka pamene munthu ali pamavuto, kaya ndi njala, matenda kapena nkhawa. Mwachibadwa, mwana wosabadwa amatetezedwa ku mahomoni a mayi ake amenewa. Mu nsengwa muli enzaimu, kapena kuti puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi, yotchedwa 11-beta-HSD2, yomwe imawafooketsa asanafike kwa mwana. Gululi lidafuna kudziwa chomwe chimachitika mpanda umenewu ukabooka.

Nyirenda ndi anzake adapatsa makoswe abere mankhwala a dexamethasone, omwe amagwira ntchito ngati mahomoni aja koma enzaimu ya mu nsengwa siitha kuwafooketsa mokwanira. Bere la khoswe limatenga pafupifupi sabata zitatu. Makoswe omwe adalandira mankhwalawa m'sabata yomaliza adabereka ana opepukirapo, ndipo anawo atakula adapezeka ndi shuga wokwera m'magazi. Omwe adalandira m'sabata zoyambirira sadaonetse vuto lomweli. Atayang'ana m'chiwindi cha ana okhudzidwawo, adapeza kuti enzaimu ina yotchedwa PEPCK idali yochuluka kuposa muyeso, ndipo idakhalabe choncho mpaka kukula. Ntchito ya PEPCK ndi kuthandiza chiwindi kupanga shuga pamene munthu sadadye. Ikachuluka, chiwindi chimakhala ngati chigayo chomwe chikungogaya pamene ufa wadzaza kale m'nyumba.

Apa n'kofunika kuchenjeza. Dexamethasone ndi mankhwala omwenso madokotala amapereka kwa amayi amene akuoneka kuti abereka masiku asanakwane, pofuna kukhwimitsa mapapo a mwana, ndipo apulumutsa makanda ambiri. Zomwe zidaoneka pa makoswe si chifukwa choti mayi akanire mankhwalawa. Phindu la kafukufukuyu lidali kuonetsa njira: kuti chochitika cha masiku ochepa mwana ali m'mimba chingathe kusintha kagwiridwe ka ntchito ka chiwindi kwa moyo wonse.

Kuyambira pamenepo akatswiri ena atchula kafukufukuyu maulendo mazana angapo m'zolemba zawo. Kutchulidwa kumeneku ndiko ndalama ya m'dziko la sayansi.

Kuwerenga maulendo otchulidwa

Katswiri akamalemba zotsatira za kafukufuku wake amayenera kutchula ntchito za ena zomwe watsamirapo. Yemwe adayamba kuwerenga mwadongosolo kuti ndani watchula yani ndi Eugene Garfield wa ku America, amene adapereka ganizoli mu 1955 ndipo m'zaka za m'ma 1960 adayamba kutulutsa kaundula wotchedwa Science Citation Index. Lero ntchitoyi imagwiridwa ndi makompyuta. Pali Web of Science, pali Scopus, palinso Google Scholar yomwe aliyense angatsegule pa foni mosalipira. Ziwiri zomalizazi zidayamba mu 2004. Manambala a atatuwa sagwirizana, kaamba koti aliyense amawerenga m'nkhokwe yakeyake, ndipo a Google Scholar kawirikawiri amakhala okwera chifukwa amaphatikiza mabuku, malipoti ndi zolemba za ophunzira.

M'kuwerengaku mudabadwa miyeso iwiri imene imamveka kwambiri m'sukulu zaukachenjede. Woyamba ndi impact factor, womwe umayeza magazini osati munthu. Amatenga maulendo omwe nkhani za m'magaziniyo za zaka ziwiri zapitazo zatchulidwa m'chaka chino, n'kugawa ndi chiwerengero cha nkhanizo. Wachiwiri ndi h-index, womwe adaupeka Jorge Hirsch wa ku University of California, San Diego, mu 2005. Katswiri amene h-index yake ndi 20 ndiye kuti ali ndi zolemba 20 zomwe chilichonse chatchulidwa maulendo osachepera 20. Ubwino wake ndi wakuti munthu sangaukweze pongolemba timapepala tambirimbiri topanda wotiwerenga, komanso sangaukweze ndi pepala limodzi lokha lomwe lidachita mwayi.

Koma sayansi ya biochemistry yomweyi ndiyo ili ndi chitsanzo chomveka bwino cha kupunduka kwa miyesoyi. Mu 2014 magazini ya Nature idafufuza kuti pepala lotchulidwa kwambiri m'mbiri yonse ya sayansi ndi liti. Silidali la Albert Einstein, silidalinso la Watson ndi Crick omwe adafotokoza kapangidwe ka DNA. Lidali la Oliver Lowry ndi anzake la mu 1951, lofotokoza njira yoyezera kuchuluka kwa mapuloteni m'madzi a m'labotale, ndipo panthawiyo lidali litatchulidwa maulendo opitirira 300,000. Ndi pepala lothandiza, koma lidatchuka chifukwa aliyense woyeza mapuloteni ankayenera kulitchula, monga momwe wogula chimanga aliyense amadutsira pa sikelo. Palinso vuto lina. Pepala lolakwika limatchulidwa ndi omwe akulitsutsa, ndipo kompyuta imawerenga kutsutsako ngati ulemu. Akatswiri ena amadzitchula okha mopitiriza, ena amapangana kutchulana. Nthambi za sayansi zokhala ndi anthu ambiri zimatchulana kwambiri, kotero kuti wofufuza za khansa ku America ndi wofufuza za khate ku Karonga sangayezedwe ndi ndodo imodzi. N'chifukwa chake mu December 2012 akatswiri ndi akonzi a magazini omwe adakumana ku San Francisco adagwirizana chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti impact factor isamagwiritsidwe ntchito polemba munthu ntchito, pomukweza kapena pomupatsa ndalama. Mabungwe ambiri adasayina. Chizolowezi chokha ndicho sichidafe.

Chifukwa chiyani Karonga?

Nyirenda atabwerera kumudzi adagwira ntchito ku College of Medicine ndi ku Malawi-Liverpool-Wellcome Trust mumzinda wa Blantyre, kenaka mu 2013 adayamba kutsogolera bungwe la kafukufuku lomwe mizu yake ili ku Chilumba. Bungweli lero limatchedwa Malawi Epidemiology and Intervention Research Unit, mwachidule MEIRU, koma anthu ambiri a kumeneko adalizolowera ndi maina akale. Lidayamba mu 1979 ngati Lepra Evaluation Project, pansi pa Paul Fine wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine ndi dokotala wa ku Germany, Jörg Pönnighaus, ndi cholinga chofufuza za khate. Pambuyo pake lidadziwika kuti Karonga Prevention Study, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ndalama zambiri zinkachokera ku Wellcome Trust ya ku Britain.

Ndi maboma ochepa mu Africa muno omwe dzina lawo limapezeka m'mabuku a zachipatala ngati momwe la Karonga limapezekera. M'zaka za m'ma 1980, ogwira ntchito adayenda khomo ndi khomo m'boma lonse kawiri konse, kuyeza khungu la anthu ndi kulemba aliyense m'kaundula. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu opitirira 120,000 adalowa m'kafukufuku wa katemera wa BCG, yemwe chipsera chake chili pamkono wa Amalawi ambiri. Zotsatira zidatuluka mu The Lancet mu 1996: kubaya BCG kachiwiri kudachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sikudateteze akuluakulu ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Zimenezi zidadabwitsa, popeza ku Britain katemera yemweyo ankateteza bwino. Kafukufuku wina wa mu 2002, woyerekeza magazi a achinyamata a ku Karonga ndi a ku Britain, adaonetsa kuti a ku Karonga ambiri amakhala atakumana kale ndi tizilombo tofananako ndi ta TB tomwe timapezeka m'nthaka ndi m'madzi, kotero katemera akamabwera sapeza zambiri zoti asinthe m'chitetezo chawo. Timadontho ta magazi tomwe tidasungidwa pamapepala m'zaka za m'ma 1980 tidadzathandizanso kuona momwe HIV idalowera m'derali. Ndipo mu 2008, kaundula wa anthu obadwa ndi omwalira kuzungulira Chilumba, yemwe adakhazikitsidwa mu 2002, adapereka umboni wina woyambirira mu Africa wakuti ma ARV ayamba kuchepetsa imfa za akuluakulu m'dera lonse, osati mwa odwala a pachipatala okha.

Apa ndi pomwe Nyirenda adafikira, atanyamula funso la shuga. Pakati pa 2013 ndi 2016 ogwira ntchito adayeza akuluakulu 13,878 ku Chilumba ndi 15,013 ku Area 25. Adawayeza msinkhu, sikelo, kuthamanga kwa magazi ndi shuga wa m'mawa asanadye. Zotsatira zake ndi zomwe zidasindikizidwa mu 2018, Alison Price ali patsogolo pa olemba, Amelia Crampin wachiwiri, Nyirenda womaliza.

Adapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni adali onenepa kupyola muyeso, pomwe kumudzi adali 27 mwa 100. Kwa abambo adali 18 m'tauni ndi 9 kumudzi. Kuthamanga kwa magazi kudapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi mwa 7 alionse, ndipo pamenepa mudzi sudasiyane kwenikweni ndi tauni. Shuga adapezeka mwa anthu pafupifupi atatu mwa 100 m'tauni ndi awiri mwa 100 kumudzi. Choopsa chidali chakuti mwa anthu 4,096 omwe magazi awo ankathamanga, 58 mwa 100 alionse sankadziwa, ndipo mwa 566 a shuga, 41 mwa 100 sankadziwanso. Maganizo akale oti awa ndi matenda a anthu olemera a m'tauni adagwa pomwepo. Asodzi ndi alimi a mpunga ndi chinangwa a m'mphepete mwa nyanja nawonso akudwala, koma alibe wowauza.

Kulumikizana kwa makoswe aja ndi anthu a ku Chilumba kukuoneka apa. Akuluakulu ambiri a lero m'dziko muno adabadwa kwa amayi osadya mokwanira kapena odwala malungo, ndipo ambiri adapinimbira ali ana. Ngati mfundo ya Barker ili yoona mwa anthu a kuno, ndiye kuti thupi lomwe lidakonzekera njala likamakumana ndi mafuta, shuga ndi moyo wongokhala, limalephera msanga kuposa la munthu amene adakula bwino. Nyirenda adali nawonso m'gulu lomwe mu 2016 lidafalitsa zotsatira za ana omwe adagonekedwapo ku Queen Elizabeth Central Hospital atanyentchera kwambiri. Patatha zaka 7, anawo adali aafupi, a minofu yochepa ndiponso manja ofookerapo poyerekeza ndi anzawo. Mu April 2025, bungwe la International Diabetes Federation lidavomereza mtundu wa shuga wokhudzana ndi kunyentchera, womwe umagwira anthu oonda, n'kuutcha type 5.

Zomwe manambala saona

Munthu wotsegula Google Scholar adzaona kuti mapepala a ku Karonga amatchulidwa kwambiri. Zomwe sadzaona n'zakuti mu 2018 bungwe la World Health Organization, potulutsa malangizo atsopano a BCG, lidati katemerayu aziperekedwa kwa makanda m'maiko momwe muli TB wambiri komanso momwe muli khate lambiri, ndipo lidabwereza kuti kubaya kachiwiri pofuna kupewa TB n'kopanda phindu. Umboni wa ku Karonga uli m'gulu la umboni womwe mfundo zotere zidatsamirapo. Lamulo la unduna wa zaumoyo likasintha chifukwa cha kafukufuku, h-index ya munthu siikwera ngakhale ndi imodzi. Kafukufuku wina yemwe adachitikira ku Chilumba ndi ku Chikwawa, wofalitsidwa mu The Lancet mu 2017, adapeza kuti mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa sizidachepetse chibayo mwa ana aang'ono. Adali mayankho okhumudwitsa kwa omwe ankayembekezera zambiri, komabe ndi mayankho otere omwe amaletsa boma kutaya ndalama pa chinthu chosathandiza.

Chachiwiri chomwe manambala amabisa ndi manja omwe adagwira ntchitoyo. Pamapepala otchuka a ku Karonga a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, malo oyamba ndi omaliza kawirikawiri adali a akatswiri ochokera ku Ulaya. Amalawi omwe ankapalasa njinga m'midzi, kufunsa mafunso m'Chitumbuka ndi m'Chinkhonde, kutenga makhololo ndi kuwaunika pa makina, ankapezeka pakati, kapena m'mawu othokoza a kumapeto omwe kompyuta siiwerenga. Si ku Karonga kokha. Mu 2019 magazini ya BMJ Global Health idafalitsa kauniuni wa Bethany Hedt-Gauthier ndi anzake yemwe adaonetsa kuti akatswiri a mu Africa akamagwira ntchito ndi anzawo a m'sukulu zikuluzikulu za kunja, kawirikawiri amatsakamira pakati pa mndandanda ngakhale kafukufukuyo achitikire kwawo. Wotsakamira pakati savuta kumulemba ntchito, koma amavutika kuti apatsidwe ndalama zoyendetsera kafukufuku wakewake, ndipo wopanda ndalama zake sasankha funso loti lifufuzidwe. Pachifukwa ichi, dzina la Mmalawi kumapeto kwa pepala la 2018, pamodzi ndi maina a akuluakulu a ku Unduna wa Zaumoyo monga Beatrice Mwagomba ndi Charles Mwansambo mkati mwake, si nkhani yaing'ono.

Komabe chilungamo chake n'chakuti dzina limodzi silitsimikiza kuti zinthu zasintha. Mbiri ya Nyirenda idamangidwa koyamba m'labotale ya ku Scotland, momwe mudali zipangizo, ndalama ndi aphunzitsi odziwika kale. Wachinyamata wa nzeru zomwezo amene akuyambira ku Kamuzu University of Health Sciences kapena ku Mzuzu University amakumana ndi khoma lina. Mankhwala a m'labotale amagulidwa kunja ndi ndalama yakunja yomwe imasowa. Magazini ambiri otchuka amalipiritsa madola masauzande kuti nkhani iwerengedwe ndi aliyense mosalipira, ngakhale ena amachotsera olemba a m'maiko osauka. Akasindikiza mu Malawi Medical Journal, yomwe madokotala a m'zipatala zathu angaiwerenge mosavuta, makomiti oyeza ndi impact factor amaona ngati wachita zochepa. Akathamangira magazini onyenga a pa intaneti omwe amasindikiza chilichonse bola ndalama, amadziipitsira dzina. Ndipo katswiri akakula, maiko ena amamufuna. Nyirenda mwini, yemwe ndi pulofesa wa London School of Hygiene and Tropical Medicine, adapita ku Entebbe m'dziko la Uganda, komwe adasankhidwa kutsogolera bungwe lalikulu la kafukufuku la MRC/UVRI ndi LSHTM m'malo mwa Pontiano Kaleebu. Utsogoleri wa MEIRU udapita kwa Crampin, yemwe adakhala zaka zambiri akugwira ntchito ku Chilumba.

Funso lomwe makoswe a mu 1998 adadzutsa silidayankhidwe mokwanira mwa anthu a kuno, chifukwa kuti liyankhidwe pamafunika kudziwa sikelo ya mwana tsiku lobadwa, zomwe mayi ake ankadya ndi kudwala, kenaka n'kumutsata mpaka atakula. MEIRU idayambitsa kafukufuku wotchedwa Generation Malawi, yemwe amalemba amayi oyembekezera ku Chilumba ndi ku Area 25 ndi cholinga chotsata iwo ndi ana awo. Ana amenewa adzafika msinkhu womwe shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimayamba kuonekera cha m'ma 2060.